Tinasesa Phulusa Bwana Asanafike

“Lachitatu, 14 Ogasiti. Ndadzuka ndi mtima wopepuka. Mawa bwana akubwera, ndipo amayi ayambanso kupuma ngati anthu ena onse.”

Mawu amenewa ndinawalemba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, patchuthi, nditangomaliza Fomu 2. Ndinali ndi kabuku kofiira kamene ndinkalembamo chilichonse. Ndikawawerenga lero ndimamumvera chisoni mtsikana amene anawalembayo.

Ndikukumbukira bwino mmene zinalili. Nyumba yathu inali kumpoto kwa boma la Nkhotakota, chakufupi ndi Liwaladzi. Kumwera kwathu, kungodumpha dimba limodzi, kampani ina inamanga chigayo chachikulu chopunthira mpunga. Mankhusu ankawaunjika kuseri kwa mpanda, mulu wotalika kuposa denga lathu, n’kuuyatsa. Mankhusu a mpunga sayaka ngati udzu. Amanyeka pang’onopang’ono, sabata ndi sabata, lawi osaliona, utsi wokhawokha. Mwera ukayamba kuwomba, utsi wonsewo unkabwera kwathu pamodzi ndi phulusa losalala ngati ufa. Linkagwera pa chinangwa chimene tayanika pathandala, ndipo kondowole wake ankakukutika m’mano. Linkalowa mumtsuko ngakhale wovindikira. Mpango woyera umene amayi ankafunda poswali unasanduka wotuwa, sopo analephera.

Koma zonsezo zinali zazing’ono. Amayi anali ndi mphumu. Nyengo ya mwera ankagona chokhala, atatsamira khoma, pachifuwa pakulira ngati pampu ya njinga yobooka. Amalume, amene ankakhala ku Benga kumene utsiwo sunkafika, anali atatumiza mawu katatu kuti mlongo wawo asamukire kumeneko. Amayi ankakana.

“Nyumba iyi anandimangira malemu bambo ako ndi thukuta la ku Joni. Ndiisiye chifukwa cha mankhusu?”

Kusukulu aphunzitsi ena anatiuza kuti fakitale iliyonse yaikulu imagwira ntchito ndi chiphaso cha boma, ndipo chaka ndi chaka, asanachisainenso, pamabwera munthu kudzaona ngati utsi ndi fumbi lake sizikuvutitsa anthu oyandikana nayo. Ine ndinamva ngati wina wanditsegulira zenera. Ndinalemba kalata m’Chingerezi, ndinaikopera katatu kuti pasaoneke pofufuta, n’kuitumiza ku ofesi yoona zimenezi. Patapita masabata asanu kunabwera mesenjala panjinga: bwana woyendera mafakitale adzafika Lachinayi, adzaona chigayo, kenako adzafika kunyumba kwa amene analemba kalata.

Lolemba la sabata imeneyo, antchito a pachigayo anayamba kutunga madzi m’migolo n’kumathira pa mulu uja. Anaukwirira ndi mchenga. Miyala ya m’mbali mwa njira yolowera anaipaka laimu, geti analipenta. Pofika Lachiwiri madzulo kumwamba kunali mbee. Zimenezo sizinandidabwitse, wakuba amabisa ndithu. Mumtima ndinkati, zimitsani moto wanuwo, koma phulusa la miyezi itatu lili kwathu: pamawindo, pakhonde, pamasamba a mango, m’mizere ya malata. Bwana adzangopaka chala n’kuona yekha.

Zimene sindinaziganizire ndi za kwathu komwe.

Lachitatu lija dzuwa lisanakwere, anatulukira azakhali anga, mlongo wawo wa malemu bambo, atasenza ndowa ya laimu, m’manja matsache awiri, kumbuyo kwawo amayi atatu oyandikana nafe.

“Asiyatu, tulutsa katundu yense panja. Lero tizira.”

“Azakhali, chonde musasese. Bwanayo akubwera kudzaona phulusa lomweli.”

Anatula ndowa ija n’kundiyang’ana kuyambira kumapazi.

“Tamverani anthuni, za kusekondale izi. Mlendo wa boma apeze nyumba ya mchimwene wanga ili ngati khola la abakha? Akanene ku likulu kuti ku Nkhotakota akazi ake ndi auve? Iwe manyazi ulibe, koma ife tili nawo.”

“Nanga akapanda kuliona adziwa bwanji?”

“Pakamwa ulibe? Udzamuuza. Komanso udzasamale kauzidwe kake. Chigayocho anatsegulira ndi akuluakulu, ife tinavina. Wodandaula ndi chitukuko amakadandaulira kutali, ndipo sabwerako msanga.”

Amayi ena aja anaseka pang’ono n’kuyang’ana kumsewu. Masiku amenewo mawu otere munthu sankawafunsa tanthauzo. Ndinatembenukira kwa amayi anga kuti andithandize. Iwo anali pamkeka, akupuma movutika, ndipo anangoti, “Mvera azakhali ako, mwanawe. Ukhondo ndi mbali ya chipembedzo. Mlendo salandiridwa pa litsiro.”

Anandipatsa tsache. Ndikanakonda kulemba pano kuti ndinalitaya pansi, koma ndinalilandira ndi manja awiri. Ndinasesa bwalo lonse mpaka kunjira. Ndinapukuta mawindo ndi kansalu konyowa. Ndinakwera pa mpando n’kugwedeza nthambi za mango kuti phulusa ligwe, ndisesenso. Amayi aja anazira pansi, anapaka laimu makoma, anachapa makatani. Chinangwa chotuwa chimene chinali pathandala anachilonga m’thumba n’kukachibisa kwa oyandikana nafe, kuti bwana asaone zimene timadya. Pofika madzulo nyumba yathu inali yowala ngati ya mkwatibwi, ndipo azakhali anaima pabwalo manja m’chiuno, okhutira kwambiri.

Bwana anafika Lachinayi masana. Sanabwere pa galimoto ya boma. Anatsika mu galimoto ya manejala wa chigayo, manejalayo atamutsegulira chitseko. Bwanayo anali munthu wonenepa, wa suti yabulauni yothina m’khwapa, tayi yamizeremizere, m’manja chikwama ndi kampango kopukutira thukuta. Milomo yake inali yonyezimira mafuta, kusonyeza kuti kuchigayo kuja anayendera bwino ndithu, makamaka patebulo. Kumbuyo kwa galimoto kunali matumba awiri a mpunga wopuntha kale. Sindikudziwa kuti anali a yani. Ndikungonena zimene ndinaona.

Tinamuikira mpando wabwino pakhonde, manejala mpando wachiwiri. Azakhali anagwada ndi beseni la madzi osamba m’manja. Nkhuku inali itaphedwa m’mawa, ndipo munthu amene anali atadya kale uja anadyanso, mpaka anapempha chiwindi. Atasamba m’manja ndi pamene anakumbukira chimene anabwerera.

“Wolemba kalata uja ndi uti?”

Ndinagwada chapatali. “Ndine, bwana.”

“Eee, kamtsikana. Chizungu umachitha iwe. Ndinawaonetsa anzanga kuofesi, onse anati kumudzi kulinso mitu.” Anaseka, manejala naye anaseka. “Tsono utsi wakowo uli kuti?”

“Anazimitsa Lolemba, bwana.”

“Timazimitsa nthawi ndi nthawi,” anatero manejala, mawu ake ofewa ngati a munthu wopepesa maliro. “Timaganizira anansi athu.”

Bwana anadzuka, anapita pawindo, anapakapo chala n’kuchiyang’anitsitsa padzuwa. Anachionetsa kwa manejala, kenako kwa ine. Chinali choyera. Windo limenelo ndinalipukuta ndine, kawiri.

“Nyumba yaukhondo chonchi sindinaionepo chaka chino,” anatero. Azakhali anawerama mutu, kumwetulira kukuwathawa m’mbali mwa kamwa.

Ndinathamangira m’nyumba n’kubwera ndi kabuku kanga. Munali masiku onse amene utsi unatikuta, ndi masiku amene amayi analephera kudzuka. Ndinakapereka kwa bwana ndi manja awiri. Iye anatsegula tsamba limodzi, anayamikira kalembedwe kanga, n’kundibwezera.

“Mwana wanga, pa fomu yangayi pali malo olembapo zimene ndaona. Malo olembapo zimene ndamva palibe. Odwalawo ndi ati?”

Amayi anali atakhala pamkeka pafupi ndi khomo la khitchini, atavala chitenje chawo chatsopano. M’mawa wonse anali akumwa madzi otentha a mandimu kuti chifuwa chigone. Chikawagwira ankadzuka mwakachetechete, kupita kuseri kwa nyumba, kukatsokomolera m’nsalu kuti alendo asamve. Kutsokomola pamaso pa mlendo akudya, kwa iwo kunali kupanda mwambo.

“Mayi, muli bwanji m’thupimo?”

“Alhamdulillah, tili bwino, bwana. Kaya inu mwayenda bwanji?”

Anayankha monga mmene munthu aliyense woleredwa bwino amayankhira moni. Kwathu ngakhale wodwala kayakaya amayamba wanena kuti ali bwino, ndipo wofunsa amene ali ndi mtima amakhala pansi, amafunsanso kachiwiri ndi kachitatu, mpaka zenizeni zituluke. Bwana ameneyu anali Mmalawi ngati ife, anakulira m’mudzi ngati ife, mwambo umenewu ankaudziwa bwino lomwe. Sanafunsenso. Anatulutsa cholembera msangamsanga ngati wina amulanda yankholo.

Anasainira pomwepo, pepala atalitsamiritsa pa chikwama, pakhonde la bambo anga. Anafuna pomenyera chidindo, ndipo azakhali anamubweretsera kathebulo kathu. Manejala analandira chiphaso chake, anachipinda bwinobwino, n’kusiyira amayi kathumba ka mpunga “ka odwala”. Amayi anathokoza. Ife tonse tinaperekeza alendo mpaka pagalimoto, ndipo bwana anandiuza kuti ndilimbikire sukulu, dziko likufuna atsikana otere.

Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, utsi unali utayamba kale kukwera kuseri kwa mpanda. Sanadikire n’komwe kuti sabata ithe. Pofika madzulo laimu wa azakhali anali atayamba kutuwa, ndipo amayi anali atatsamira khoma, maso ali psuu, akusakasaka mpweya.

Bwana uja ndinamunyoza tsiku limenelo ndipo ndimamunyozabe. Munthu amene boma linamutuma kudzanunkhiza utsi, iye n’kudziwitsa eni moto tsiku lobwera, n’kukwera galimoto yawo, sanabwere kudzaona kanthu. Anabwera kudzafuna malo oyera oti aikepo chala. Manejala sindimuwerengera n’komwe, anachita zimene nkhandwe imachita ukaisungitsa nkhuku. Koma zaka zimene ndakhala zandiphunzitsa chinthu chowawa kuposa pamenepa. Anthu awiri aja sanavutike kutinamiza. Ankadziwa kuti tidzasesa. Ankadziwa kuti mayi wodwala adzati ali bwino, kuti tidzapha nkhuku, kuti tidzathokoza. Ulemu wathu anauwerengera ngati mmene ankawerengera migolo ya madzi yozimitsira moto. Ulemu ndi wabwino, ndipo ana anga ndawaphunzitsa. Koma ndawauzanso kuti pali mlendo wodzacheza ndi mlendo wodzaona, ndipo wodzaona sumubisira bala.

Tsiku limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti chiphaso chija ndi cha chaka chathunthu, ndipo chifuwa cha amayi sichikanadikira chaka. Ndinakhala pambali pawo n’kuwauza kuti mawa ndipita kumsewu kukaimitsa basi ya ku Benga, ndiwaperekeza kwa amalume. Ndinkayembekeza kuti akana monga mwa masiku onse. Anayang’ana makoma a nyumba yawo kwa nthawi yaitali, kenako anandiuza pamene panali kiyi wa sutikesi.