Sawasha Imene Sajeni Pruitt Sanabweze

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, tauni yathu yaing'ono kuno ku Mississippi inkadzutsidwa ndi mawu a Sajeni Thaddeus Pruitt. Dzuwa limati likamasuzumira, iwo ali kale pabwalo la sekondale kugubitsa makadeti awo, ana asukulu ovala yunifolomu yausilikali. Ku usilikali anapumako ndi bondo lolira ngati chitseko chakale, ndipo m'thumba mwawo simunkasowa wotchi yasiliva yowerengera mphindi.

Anthu ena ankati mkuluyu amangophunzitsa ana kuguba. "Kuguba ndi abakha omwe amaguba," ankayankha choncho. "Ine ndikuumba anthu."

Malamulo awo aakulu analipo awiri, ndipo ana ankawaloweza ngati katekisimu. Nkhani yoipa umakamuuza mwini wake pamaso, utaima mapazi atatu kuchokera pa iye. Linalo linali la sawasha: wamng'ono akakweza dzanja, salitsitsa mpaka wamkulu atamubwezera, ndipo wamkulu womusiya mnzake dzanja lili m'mwamba ndiye kuti wamuvula pagulu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ankatero.

Renita Gaines anabwera kwa iwo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, aphunzitsi onse atamutaya kale. Mawu ake anali a udzudzu, maso pansi nthawi zonse.

"Kadeti Gaines, nsapatozo ndi abale ako? Dzutsa mutu, yang'ana kuno!"

Ankamuimika kumapeto kwa bwalo la mpira, iwo kumapeto enawo, kuti azifuula malamulo mpaka agalu a m'nyumba zapafupi atamuyankha. Mwezi uliwonse ankapita ndi makadeti ku msonkhano wa komiti yoyang'anira masukulu, kumene nzika iliyonse imapatsidwa mphindi zitatu kuti inene zakukhosi. Ana ankayeserera m'kalasi, Sajeni atagwira wotchi ija. "Nzika si yong'ung'udzira m'khitchini," ankatero. "Nena zako, tsiriza, khala pansi."

Renita anakula m'manja mwawo mpaka kukhala mkulu wa makadeti onse. Tsiku lomaliza sukulu Sajeni anamupatsa wotchi ija, imene ngakhale mwana wawo wobereka ankaletsedwa kuikhudza. Patapita zaka, mtsikanayo ataima pa chisankho cha komiti ya masukulu, Sajeni anayenda khomo ndi khomo ndi bondo lawo lija kumupemphera mavoti. Renita anapambana, kenako anakhala wapampando, ndipo mkuluyu anatitopetsa nazo kometetsa tsitsi.

Ndiye kunabwera mphekesera yoti maphunziro a makadeti atsekedwa. Ana achepa, anthu ankatero, ndipo chipinda chawo chikufunika makompyuta. Mamembala a komiti analipo asanu: awiri ofuna kutseka, awiri okana, wachisanu Renita. Sajeni sanade nkhawa n'komwe. Loweruka anakumana naye kutchalitchi, pamene azimayi ankakazinga mlamba.

"Iwe Gaines, zimene ndikumvazi n'zoona?"

"Aa, Sajeni, ndi inunso womvera za m'maluwa?" anaseka Renita, akuwaonjezera nsomba m'mbale. "Idyani, mtima m'malo. Ine ndine wanu."

Lachiwiri madzulo Sajeni anafika ku msonkhano wa komiti atavala yunifolomu yonse, mabaji ali mbuu pachifuwa, makadeti makumi atatu atakhala kumbuyo kwawo. Dzina lawo litaitanidwa anaima, ndipo munthu amene anaphunzitsa tauni yonse kulankhula mwachidule anasochera m'mayina. Anatchula amene lero ndi namwino, amene amazimitsa moto, amene akanakhala kundende. Anali asanafike pa dzina la Renita pamene anamva kaphokoso kamene ankakadziwa bwino, kakuti tche.

"Mphindi zanu zakwana, a Pruitt," anatero wapampando, wotchi yasiliva ili m'manja.

A Pruitt! Chikhalireni anali asanawaitanepo choncho. Anakhala pansi, poti lamulo ndi lamulo, ndipo analiphunzitsa ndi iwo. Manja atakwezedwa, lachitatu lofuna kutseka linali la Renita. Analikweza maso ali pamapepala, monga momwe ankayang'anira nsapato kale lija.

Mawa lake mlembi wa komiti anawanong'oneza kuti ganizo lotsekalo analemba ndi Renita yemweyo, kutatsala sabata ziwiri kuti adye mlamba uja. Apa ndiye zinawalowa mumtima. Voti akanaimeza, chifukwa anamuphunzitsa okha kuima pa zimene akuganiza. Koma kuwagwiritsa fuwa lamoto uku akuwathirira tsabola m'mbale, ayi. "Mapazi atatu okha," anauza akazi awo, a Corliss. "Akanangoyenda mapazi atatu n'kundiuza." Sajeni anakwiya, ndipo anachita manyazi ngati wonamayo anali iwo.

Tsiku lotseka, makadeti anandanda pabwalo komaliza. Anakulunga mbendera ya gulu lawo pamtengo wake pang'onopang'ono, n'kuiveka thumba lake lachikopa, n'kuipereka kwa Sajeni. Makolo ena ankalira poyera.

Ndi pamene Renita anatulukira pakati pa makolowo, atavala suti yabuluu. Anaguba ndithu, naima mapazi atatu kuchokera pa iwo, nakweza dzanja.

Sajeni analiyang'anitsitsa dzanjalo. Zala zinali zogundana bwino, chigongono pamalo pake, nsonga ya chala itakhudza nsidze. Panalibe choti akonze, inali ntchito ya manja awo. Ndipo ulendo uno maso a Renita anali pa iwo, atadzaza misozi.

"Wachedwa, Gaines," anatero motsitsa. "Apa unayenera kuima tisanadye nsomba ija."

Makadeti makumi atatu ankawayang'ana, aliyense akudziwa lamulo lachiwiri lija. Dzanja la Sajeni silinachoke m'mbali mwa buluku. Zaka makumi anayi ali mu yunifolomu, anali asanamusiyepo munthu choncho. Anasenza mbendera paphewa, natembenuka monga mwa lamulo, natsimphina kupita ku galimoto yawo.

Potuluka pageti anasuzumira pagalasi. Renita anali chiimire pakati pa bwalo, dzanja lili pamphumi, kudikira monga momwe anamuphunzitsira.