Galu wanga wolimba mtima uja ndi gonthi

Mwaswera bwanji nonse.

Mukumukumbukira galu woyera uja ndinagula pamsika wa Katete? Ndinamusankha chifukwa maminibasi ankaliza mahutala, anzake akunjenjemera, iye ali phee. Ndinati wolimba mtima ndi ameneyu. Ndinanenerera mtengo mpaka wogulitsa anatuluka thukuta, ndinafika kunyumba ndikudzitama.

Lero masana mbuzi za aneba zalowa pakhomo n'kudya mtedza umene tinayanika. Amake Tiyamike amenya chidebe kumbuyo kwenikweni kwa galuyo, mkuluyo osagwedeza ngakhale khutu. Ndapita naye kwa adokotala a ziweto. Awomba m'manja kawiri, n'kundiyang'ana.

"Bambo, galuyu ndi gonthi chibadwire. Zimayenda m'magazi, makamaka mwa oyerawa. Make munamuona?"

Ndinamuona, abale. Anali gone pansi pa ngolo, ine ndikukuwa za mtengo pamutu pake, osadzuka. Ndinamuyamikiranso kuti ndi wofatsa.

Tsono amalume a ku Vubwi akubwera Loweruka ndi galu wawo wamkazi kudzatenga mbewu, poti ndinawauza kuti wanga ndi mkango. Ndiwauze zoona, kapena ndingoti wadwala? Achemwali, inu amakumverani, bwanji muyambe ndinu kuwaimbira?