Njira yachidule imene alamu anga anandilozera ku Beira

Nkhani iyi ndikamaifotokoza ena amati ndikuthira mchere, koma ndikulumbira pali mayi anga amene anagona ku Nthache, mulibe bodza ngakhale limodzi. Zinachitika nthawi ya chipani chimodzi, Apwitikizi asanachoke ku Mozambiki, ine ndikungoyamba kumera ndevu.

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ankagwira ntchito yokonza njanji kufupi ndi Beira, ndipo panatha zaka zitatu osabwera kudzaona ana. Nditatopa ndi misozi ya achemwali, ndinati ndikawaone ndekha. Pasipoti ndinalibe, choncho ndinazemba m'tinjira ta pa Zobue n'kukakwera sitima ku Moatize. Ndinawapeza m'mudzi wa asodzi, pomwe mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja ya mchere, ndipo pakhomo panali mkazi wina, mwana kumbuyo, winanso akuyenda dededede, nkhope ya alamu yeniyeni.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinawauza pamaso kuti ndikangofika kumudzi ndikaulula zonse. Iwo sanakwiye ayi, anangoseka, n'kundiphera nkhuku. Nanga munthu wokuphera nkhuku ungamuganizire choipa?

M'mawa mwake anandiuza kuti ndikazungulira kumsewu sitima indisiya, bola ndidutse chidule pamatope, pomwe panalibe madzi mpaka kutsidya. Nditafunsa ngati madzi sangandipeze, anandifunsa kuti mvula yake iti mwezi umenewo. Ndinavomera, pajatu kwathu ku Mwanza mtsinje umadzaza pokhapokha kumapiri kukagwa mvula, ndipo panalibe amene anandiuzapo kuti kunyanja ya mchere madzi amachoka okha n'kubwereranso okha tsiku lomwelo. Anandichedwetsa ndi tiyi, maso ali padzuwa, kenako anati nthawi yakwana.

Ndili pakati, matope ali m'mawondo, ndinaona madzi akubwera kuchokera kumunsi, mtsinje ukuyenda chobwerera, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Ndinaganiza kuti ndalodzedwa. Kucheuka, alamu ali chilili kumtunda, manja kumbuyo, akundiyang'ana. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, iwo anangotembenuka n'kumapita. Mantha ndinali nawo, inde, koma chimene chinandilasa mtima ndi msana wawowo.

Kusambira sindidziwa mpaka lero. Madzi atafika m'chiuno ndinataya chikwama n'kukakamira chitsulo chadzimbiri chotsala pakamlatho kakale, chomatirira tizigoba takuthwa timene tinandicheka manja ndi pamimba. Madzi ali m'khosi, bambo wina wa Chisena anafika ndi bwato n'kundikoka malaya, akundikalipira kuti ngakhale mwana wa m'mudzimo amadziwa nthawi imene madzi amabwerera. Nditamuuza amene anandilozera njirayo anangolavula m'madzi.

Ndinagona kwa bamboyo sabata yathunthu mabala akupola. Pofika kumudzi ndinapeza alamu afika kale, pakuti anali atamva kuti ndapulumuka, abwera ndi nsalu ndi shuga, achemwali akuvina pabwalo. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti ndikangotsegula pakamwa akauza achinyamata a chipani kuti ndinawoloka malire kukakumana ndi oukira boma. Inu amene munalipo masiku amenewo mukudziwa kuti munthu wonenedwa zoterozo ankangosowa ngati singano. Ndinatseka pakamwa, ine wolongolola uja, ndipo achemwali anamwalira akundithokozabe kuti ndinawabwezera mwamuna wawo. Chimenechi chimandiwawa kuposa zipsera zapamimbazi.

Lero ndimakhulupirira kuti mfiti yoopsa siifuna mankhwala, imangofuna kudziwa chinthu chimodzi chimene iwe sukuchidziwa. Ndiye abale anga, mukagwira chinsinsi cha munthu muli kudziko la eni, musamuopseze, dikirani mukaponde kaye pakhomo panu. Ine ndinalankhula pofunika kukhala chete, n'kudzakhala chete pofunika kulankhula.