Lilime la Mayi Esitere

Mayi Esitere Nthanda anabadwira m'banja la alimi a fodya kufupi ndi mishoni ya Nkhamenya. Sukulu anailekera panjira, koma katekisimu ankamudziwa pamtima. Amuna awo atamwalira, analera okha ana awo, ndipo posoka fodya m'chigafa sankaleka kuimba nyimbo za Maria. Chuma chawo chinali chimodzi: kulandira Ukaristia Lamulungu lililonse.

Atakalamba, sitiroko inawagwetsa ali kumunda. Miyendo inachira, koma pakamwa panakhota, dovu linkangotsika, ngakhale phala linkawatsamwa. Wansembe, poopa kuti Mkate Woyera ungawatsamwe kapena kugwa pansi, anawapempha kuti ayambe adikira. Zimenezi zinawapweteka kuposa matendawo. Anzawo akamapita kutsogolo, iwo ankatsala pabenchi akulira chamumtima.

Mwana wawo Dorika anawatengera kuchipatala cha ku boma, kwa a Gomezgani amafizo, othandiza odwala kulimbitsanso ziwalo. Iwowa anawalamula kufufumitsa masaya, kuuzira madzi a m'kapu ndi kabango, kusongola milomo ngati woimba mluzu, ndi kutulutsa lilime akudziyang'ana pagalasi. Apa ndiye panali nkhani, chifukwa mayiwa anali atakalipira atsikana a m'mudzi monse kuti mkazi saimba mluzu. Anakana kwamtuwagalu. Movutikira, mawu akukokeka, anati, “Ine nditulutsire lilime mwana wa eniake? Ndapenga?”

A Gomezgani sanakangane nawo. Anangowafunsa mwaulemu kuti kodi akagwada pamaso pa wansembe polandira Ukaristia amatulutsa chiyani. Mayi Esitere anapempha galasilo.

Anayamba kuchita zimenezi nthawi imene fodya anali kunazale. M'mawa uliwonse, akamaliza kupemphera korona, ankakhala pakhonde n'kumachita zimene anauzidwa. Odutsa ankaseka pomva madzi akubwata m'kapu, iwo n'kumaseka nawo ndi mbali imodzi ya nkhope. Masiku ena ankatopa mpaka kulira, koma mawa lake ankayambiranso. Mabelo a fodya atayamba kupita ku okushoni, phala linali litasiya kuwatsamwa. Pa chaka cha Thupi ndi Magazi a Khristu anapita kutsogolo, analandira, anameza. Dorika analephera kuimba.

Zaka zawo zotsala anazithera pa ena. Akamva kuti wina wakhota pakamwa, ankamuyendera, kumulimbikitsa kuti apite kwa amafizo, ndi kukhala naye pophunzira kuti asachite manyazi. Ankakonda kunena kuti, “Mulungu amachiritsa, koma milomo amakusiyirani nokha.”

Anamwalira m'mawa wina mvula itangoyamba, atalandira masakramenti, ali phee ngati agona. Kumanda, pemphero lomaliza anatsogolera a Lemani, bambo amene atadwala sitiroko anadzitsekera m'nyumba chifukwa cha manyazi mpaka mayiwa anakawatulutsa. Atate Athu anamunena pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, ndipo khamu lonse linawadikira.