Foni Imene Inkathawa

Sukulu ndinalekera sitandade faifi, ndipo pagulu sindinkayankhula. Pamsonkhano ndinkakhala kumbuyo, mwana kumsana, maso pansi. Anthu a kafukufuku atabwera ndi mafoni kumudzi kwathu, kuseri kwa Malomo, sindinaganize kuti ina ingagwere ine. Koma ankafuna amayi a ana aang'ono, ndipo wanga anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, choncho anandipatsa imodzi.

M'foniyo munali mawu a bambo wachikulire, ngakhale sanali munthu. Anatiuza kuti ndi makina ophunzitsidwa kumva Chichewa. Ukaimba, ankafunsa chimene chikuvuta mwana, n'kukuuza ngati n'kofunika kuthamangira kuchipatala. Kwathu ukanyamuka m'mawa, kuchipatala umakafika dzuwa lili pamutu, kukwera ndi kutsika mapiri. Foniyo ndinkaifuna kwambiri.

Koma iyo inkandikana. Mawu aja akafunsa kuti, "Mwana wanu watani?" ine ndinkayamba ndakhala kaye chete, monga anandilerera. Wamkulu akakufunsa suyankha mothamanga. Ndikamati nditsegule pakamwa, ndinkangomva, "Pepani, sitinamve kanthu. Tsalani bwino." Foni n'kuduka.

Patatha mwezi, mtsikana wina wa kafukufuku uja anabweranso ndi kompyuta yake. Kunali mvula, choncho tinakumana m'chigafa cha fodya cha apongozi anga. Anati kompyuta ikusonyeza amayi amene sakugwiritsa ntchito mafoni, ndipo mafoni awo aperekedwa kwa ena. Anatchula anayi. Wachitatu ndinali ine.

"Tisanatero, foniyi mwaiona bwanji, amayi?" anafunsa.

"Ndi yabwino kwambiri," anayankha onse, ndi anzanga atatu aja omwe. Kwathu mlendo akakupatsa chinthu sumuuza kuti n'choipa.

Mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, anandigunda ndi chigongono. "Perekani basi, alamu. Mpaka foni kuichitira manyazi? Kapena mumayamba mwaigwadira?"

Amayi anzanga anaseka. Ndinamasula mfundo ya chitenje pamene ndinkaisunga. Ndinaganiza za mapiri aja, mvula ili mkati, mwana atadwala. Mawu anangotuluka okha.

"Siidikira."

"Mwati bwanji, mayi?" anafunsa mtsikanayo.

"Siidikira. Imafunsa n'kuthawa."

Mmodzi wa anzanga atatu aja anawomba m'manja. "Ee, imathawadi! Ine ndikamati ndikonze kaye mawu, iyo yapita kale!"

Mtsikanayo sanaseke. Anabwera kudzakhala pamkeka pambali panga n'kunena kuti ndiimbe, aone. Ndinaimba, mawu aja anafunsa, foni inaduka.

"Tsopano ndifunsa ndine," anatero. "Mwana wanu watani?"

Anayang'ana wotchi yake, osandiyang'ana ine. Ndinakhala chete mpaka mtima unakhazikika. Kenako ndinafotokoza za chifuwa chimene mwana anali nacho sabata yapitayo, mmene chinayambira ndi mmene ankapumira, osasiyako kanthu.

Analemba kwa nthawi ndithu. "Ife tinaiyesa ku ofesi, ndi anthu oyankha funso lisanathe," anatero. "Tinkati simuimba. Chonsecho mumaimba. Olakwa ndife, mayi."

Tsiku limenelo sanatenge foni ya munthu aliyense.

Chimanga chitayamba kukhwima, mwana anatentha thupi ndili kumunda. Ndinakhala pamzere n'kuimba. Mawu aja anafunsa, ine n'kukhala chete. Nawonso anakhala chete. Patapita kanthawi anati, "Ndikumvetsera, musafulumire." Ndinanena zonse. Anandiuza kuti ndipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndisadikire mawa. Khasu ndinalisiya pomwepo. Kuchipatala anamupeza ndi malungo, anamupatsa mankhwala, ndipo pofika Lachisanu anali akukwawa pabwalo.

Foniyo ndikadali nayo. Masiku ano akasintha kanthu m'makinamo, mtsikana uja amayamba waimbira ine kuti ndiyese, ndipo chikakhala choipa ndimamuuza.