Alamu Anga Anapita ndi Pilo Kokagula Firiji

Alamu anga ndi okumba mijigo. Ntchito ikawaponya kutali kopanda magetsi, amagona mu tenti mpaka madzi atatuluka. Makina sawakhulupirira ndi maso, amawamvetsera. Ngakhale wotchi yapakhoma amayamba aiika kukhutu asanagule.

Kale achemwali anga ankapita nawo kulikonse. Zinasintha atapezeka ndi matenda a shuga. Mankhwala awo obaya amafuna pozizira, ndiye anayamba kutsala pakhomo. Alamu sankadandaula, koma ankabwerako ataonda ngati chitsulo chawo chobowolera, ndipo ine ndinkawamvera chisoni.

Atamva za kafiriji koyendera batire ya galimoto ndi sola, anandikokera kusitolo. Ndinachita manyazi: munthu wamkulu ndi ndevu zake, pilo ali kukhwapa.

"Tengani yaikuluyi, bambo," anatero wogulitsa. "Ndi ya kompuresa, imazizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Zakumwa zilowamo zambiri."

"Tayatsani," anatero alamu. Anaika pilo pasimenti, nagona pambali pake, maso atatsinzina. Ogula ena ankawalambalala ngati chithaphwi.

"Iyi ikulira ngati jenereta. Mayi akunyumba tulo tawo n'tapafupi. Yatsani inayo."

Ndinaseka mpaka misozi. "Alamu, inu amene mkonono wanu umadzutsa agalu a eniake, lero mukuopa phokoso la firiji?"

"Iwe khala chete, ukundisokoneza."

Anagona pambali pa firiji iliyonse m'sitolomo. Mapeto ake analoza kakang'ono kapakona, kongong'ung'udza pansipansi. Anafunsa ngati kamadzizimitsa batire isanatheretu, kenaka anatulutsa m'thumba kabokosi kopanda kanthu ka mankhwala a achemwali, n'kukaikamo mosamala. Wogulitsa uja za zakumwa sanazitchulenso.

Ulendo wotsatira achemwali anakwera kutsogolo, kafiriji katamangidwa lamba pampando wakumbuyo ngati mwana. Ine mtima unali m'mwamba mpaka tsiku limene anabwerako, onse awiri atapsa ndi dzuwa, alamu masaya atayamba kubwerera.

"Nanga kafiriji kaja sikanakusowetseni tulo?" ndinafunsa achemwali.

"Kamalira kodi? Mankhwala ankazizira bwinobwino, koma kulira kwake sindinakumve. Ndi mkonono wa alamu akowa ungamvenso china?" Anawayang'ana amuna awo, amene ankanamizira kupukuta galasi la galimoto. "Ndiye ndinagona tulo, iwe. Kuno kunyumba chimandisowetsa tulo ndi chete."