Mpando wa Mama NyaLongwe

A Fyson Nyasulu ankakonza mawailesi ku Katoto, m'kachipinda kogundana ndi nyumba yawo. Paunyamata wawo anagwirako ntchito ku Rhodesia, yonyamula zingwe zamagetsi m'nyumba yojambuliramo nyimbo. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga ndi masuti. Iwo anabwera ndi makina ojambulira mawu a mawilo awiri, ndi maikolofoni imodzi yolemera ngati mwala wonolera mpeni.

M'kati mwa maikolofoniyo munali kachitsulo kopyapyala kuposa khoko la anyezi, komwe iwo ankati riboni. Munthu akangouziramo mpweya, ankatero, kaduka, ndipo kena kulibe m'Malawi muno. Malemu amuna anga, a Amon, ankawanyoza kuti chitsulocho amachisamala kuposa akazi awo.

"Akazi anga akadwala chipatala chilipo," ankayankha a Nyasulu. "Nanga iyi ndipita nayo kuti?"

Mu 1978 amayi a Umanyano a kumpingo kwathu tinafuna kujambula nyimbo kuti zikamveke pa wailesi ku Blantyre. Tsiku lokhalo lomwe kunalibe zoyeserera magule a chipani linali Lachinayi, ndipo mwana wa abusa, yemwe anavomera kutitengera tepi, ankakwera basi Lachisanu m'mawa. Likatiphonya tsikulo, basi.

Lachinayilo aliyense anabwera ndi bulangete kwa a Nyasulu, mabulangetewo tinawapachika m'makoma a pabalaza kuti mawu asamabwerere. A Nyasulu anatiimika mizere iwiri yoyang'anizana, chifukwa maikolofoni yawo inkamva kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Mtsogoleri wathu anali Mama Keziya NyaLongwe a ku Nkhata Bay, omwe akayamba nyimbo ankamveka mpaka kuphiri la Kaning'ina. Kwathu wamkulu amaima patsogolo, ndipo palibe amene angamuuze kuti sunthirani kumbuyo. Choncho anakaima pafupi penipeni ndi maikolofoni, nakoka mpweya.

Kamuvi ka pamakina koonetsa kukwera kwa mawu kanathamangira pofiira, osabwererako. Ndinaona a Nyasulu akutuluka thukuta ngakhale kunali kozizira, maso ali pa riboni yawo. Atabweza tepi kuti timve, munali Mama okha, mawu ong'ambika ngati nsalu yakale. Enafe ayi ndithu.

"Dada Nyasulu, makina anuwa ngodwala," anatero Mama.

"Akhoza kutero, Mama. Ngokalamba ngati mwini wake."

Tinayesanso, zomwezo. Dinah, yemwe ankaimba pambali panga, anandinong'oneza kuti, "Awauze ndani? Iwe?"

A Nyasulu analowa kuchipinda, natuluka atanyamula mpando wawo wa alendo, wamikono, uja sankalola ana kukhalapo. Anauika kutali pafupi ndi chitseko, nayalapo nsalu yoyera.

"Pepani chomene, Mama, ndalakwa ndine. Ku Rhodesia woimba wamkulu saima pagulu ngati mwana wasukulu. Amakhala pampando, kuti aziwaona onse."

Ngati ku Rhodesia zinalidi choncho, sindidziwa mpaka lero. Mama anauyang'ana mpandowo, kenako anatiyang'ana ife.

"Nanga osanena kale bwanji? Mwandiimika mpaka miyendo kuwawa."

Anakhala pampandopo, nakonza duku, nayamba nyimbo. Kamuvi kanavina pakati. Titamvetsera, mawu a Mama anali pamwamba monga kuyenera, koma pansi pake tinalipo tonse, mpaka amayi okalamba aja ankangong'ung'udza. Tinaimba nthungululu, a Nyasulu n'kufulumira kuvindikira maikolofoni ndi chipewa chawo.

Tepi inakwera basi. Patapita milungu ingapo nyimbo yathu inamveka Lamulungu masana, Katoto yense ali pa mawailesi omwe a Nyasulu anakonza.

Mawa lake Mama anafika kukachipinda kaja atakwapatira nkhuku. Ine ndinali pomwepo, kudikira wailesi yanga.

"Mwagwira ntchito, Dada. Koma ulendo wina mpando uja muusunthire kumbuyo pang'ono. Dinah ankandibisala, sindinamuone ngati amatsegula pakamwa."

"Yewo chomene, Mama," anatero a Nyasulu polandira nkhukuyo ndi manja awiri. "Ngakhale pakhonde tiuika."